Nyanja ndi Nkhokwe ya Tonse: Mau Athu pa za Ziphaso za Maboti Akuluakulu Ophera Nsomba

Kwa akhristu onse m'maparishi ndi m'miphakati, ndiponso kwa anthu onse akufuna kwabwino.

MAU OYAMBA

1. Abale ndi alongo okondedwa mwa Khristu, ife a Komishoni ya Chilungamo ndi Mtendere tikukulemberani pa nkhani imene ena angaiyese ya m'maofesi chabe, pamene imafika mpaka m'mbale ya ndiwo ya banja lililonse. Nkhaniyi ndi ya ziphaso zimene boma limapereka kwa eni maboti akuluakulu a injini okoka makoka pansi pa nyanja, amene ambiri amawatchula kuti ma trawler. Chiphaso ndicho chimanena kuti ndani aphe nsomba, aphere kuti, ndi khoka lotani, ndiponso pa nthawi iti. Wogwira cholembera chosainira chiphaso wagwira chakudya cha anthu miyandamiyanda, pamodzi ndi cha ana amene sanabadwe.

2. Mwina ena afunsa kuti Eklezia akulowereranji pa za nsomba. Chiyambire kalata ya Maepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992, Amalawi akudziwa kuti Eklezia sakhala chete pamene kayendetsedwe ka dziko kakukhudza moyo wa anthu osauka. Ulamuliro wabwino suonekera pa tsiku la chisankho lokha. Umaonekeranso pa mmene akuluakulu amagawira chuma chimene mwini wake ndi mtundu wonse.

MPHATSO IMENE TINALANDIRA

3. Mulungu anatipatsa nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse. Nchifukwa chake mu 1980 boma linapatula mbali ya nyanja ku Cape Maclear kuti ikhale malo otetezedwa, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawerengera malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Koma kwa ife nyanja ndi nkhokwe. Mumatuluka chambo, kampango, utaka, mcheni, chisawasawa, ndunduma ndi usipa. Mumadya msodzi wa pa bwato ndi alovi okoka chilimira. Mumadya mai woyanika usipa pa doko la Msaka kapena la Malembo, wosema mabwato, wosoka makoka, woyendetsa galimoto yopita ku Limbe ndi ku Lilongwe, mpaka gogo wa ku Dedza kapena ku Mwanza amene sanaionepo nyanja koma amagula kamulu ka bonya pa msika. Kwa mabanja ambiri osauka, nsomba ndiyo ndiwo yomanga thupi imene angaikwanitse.

ZIMENE MASO ATHU AONA

4. Usodzi wokoka makoka ndi maboti a injini unayamba mu 1968, kumwera kwa nyanja m'boma la Mangochi. Pasanapite zaka zambiri, akatswiri anaona kuti m'madera amene mabotiwa ankakokamo kwambiri, mitundu ya nsomba zikuluzikulu inayamba kusowa ndipo m'makoka munkachuluka tinsomba ting'onoting'ono.

5. Nyanja ya Malombe ndi chenjezo lathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankaphamo chambo choposa matani 8,000 pa chaka. Patangopita zaka khumi, chambo chophedwa sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Ku Malombe sikunali ma trawler. Anagwetsa chambo ndi makoka a maso ang'onoang'ono, monga nkacha ndi makoka a kambuzi, amene anachuluka popanda malire. Phunziro lake nlakuti nyanja iliyonse ili ndi muyeso wake, ndipo zida zikachuluka kupyola muyesowo nsomba zimatha, kaya mwini zida ndi wolemera kaya ndi wosauka.

6. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zolemera pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka. Pofika m'zaka za m'ma 2000 muyesowu unatsika mpaka kuchepera theka. Ngakhale usipa unadzachuluka m'zaka zotsatira, chambo sichinabwerere. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zolengedwa zimene zili pangozi, linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pafupi kutheratu. Nsomba imene inali ulemu wa dziko lathu yasanduka ndiwo ya a ndalama okha.

7. Nkofunika kumvetsa chimene chimachitika pansi pa madzi. Chambo chachimuna chimakonza chisa pa mchenga m'madzi osazama. Chachikazi chikaikira mazira chimawasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo chimapitiriza kubisa ana ake m'kamwamo kufikira atakhwima. Khoka lolemera likakokedwa pansi m'malo otere, limafafaniza zisa, limazula zomera zimene tiana timabisalamo, ndipo likagwira mai mmodzi laphanso ana onse amene ali m'kamwa mwake. Malamulo a ziphaso anaikidwa kuti aletse chionongeko chotere.

ZIMENE MALAMULO AKUNENA

8. Dziko lathu silisowa malamulo. Lamulo la Kasamalidwe ndi Kayendetsedwe ka Usodzi la mu 1997, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono a mu 2000, linalamula kuti boti lophera nsomba zamalonda lilembetsedwe ndi kukhala ndi chiphaso chochokera ku Nthambi ya za Usodzi. Chiphasocho chimakhala ndi malire: nyanja inagawidwa m'zigawo ndipo boti limaloledwa chigawo chake, maso a thumba la khoka asachepere mamilimita 38, boti lisakoke m'madzi osafika mamita 18 kuzama, kapena kuyandikira gombe kupyola mtunda wa pafupifupi makilomita awiri, lisakoke usiku, ndipo mwini boti azipereka malipoti a nsomba zimene wapha. Palinso nyengo yotseka nyanja pamene chambo chikuswana, kumayambiriro kwa dzinja. Lamulo lina, la mu 1995, loona za maulendo a pa madzi, limafuna kuti maboti aziyesedwa ngati ali oyenera kuyenda pa nyanja.

9. Lililonse mwa malamulowa lili ndi chifukwa chake. Maso a khoka amapatsa mpata nsomba zazing'ono kuti zipulumuke ndi kukula. Malire a kuzama ndi a mtunda amateteza malo oswanirana, komanso amasiyira malo msodzi wa pa bwato amene sangapalase mpaka pakati pa nyanja. Kuletsa kukoka usiku kumateteza matchera amene asodzi ang'onoang'ono amatchera madzulo nkukaonjola m'mawa. Malipoti ndiwo amathandiza akatswiri a kafukufuku ku Monkey Bay kudziwa ngati nsomba zikuchuluka kapena zikuchepa. Lamulo la 1997 linavomerezanso kuti anthu a m'midzi atengepo mbali kudzera m'makomiti a m'madoko, amene anayamba mu 1993 ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire.

PAMENE PAKUVUTA

10. Sitikutsutsa usodzi wa maboti akuluakulu. Mabotiwa amalemba anthu ntchito, amadyetsa mizinda, ndipo amafika m'madzi akuya mmene muli ndunduma ndi nsomba zina zimene bwato silingazifikire. Alipo eni maboti amene amasunga malamulo mokhulupirika, ndipo iwonso amavutika pamene anzao achinyengo sakulangidwa. Nkhawa yathu ili pa mfundo zisanu.

11. Poyamba, chiwerengero cha ziphaso. Chiphaso chilichonse choonjezera ndi dzanja linanso m'nkhokwe imodzi yomweyo. Chiwerengero cha maboti m'chigawo chilichonse chiyenera kutsatira zimene kafukufuku wapeza. Chikatsatira kuchuluka kwa ofunsira, kapena mphamvu za amene akuwayankhulira, ndiye kuti boma likugawa nsomba zimene kulibe.

12. Kachiwiri, chinsinsi. Ndi angati mwa ife amene angatchule maboti a ziphaso m'dera lao, eni ake enieni, ndi chigawo chimene boti lililonse linaloledwa? Kumene zinthu zimachitikira mumdima, katangale ndi ziphuphu zimapezako malo, ndipo ngakhale wogwira ntchito woona mtima amakayikiridwa. Choopsa kwambiri nchakuti munthu waudindo, kapena wandale, akhale ndi boti m'dzina la mbale wake: pamenepo woweruza mlandu ndi mwini mlandu amakhala munthu mmodzi.

13. Kachitatu, tsankho posunga malamulo. Dandaulo limene lamveka kwa zaka zambiri m'madoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota nlakuti maboti ena amakoka pafupi ndi gombe, amakoka usiku, amavika thumba la khoka ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, ndiponso amadula matchera a anthu osalipira kanthu. Khoka la mmphawi nlosavuta kulanda ndi kulitentha, popeza limapezeka pa mchenga. Kuthamangitsa boti la injini kumafuna boti linzake, mafuta ndi kulimba mtima. Lamulo likamaluma wofooka yekha, anthu amaleka kulilemekeza, ndipo makomiti a m'madoko amagwa ulesi pofunsa kuti: tisungirenji nsomba zoti ena adzakokolole usiku?

14. Kachinai, zilango. Chindapusa chimene chinali choopsa pamene lamulo linkalembedwa chimapepuka chaka ndi chaka pamene mphamvu ya kwacha ikutsika. Mu Novembala 2023 mokha kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Ngati nsomba za tsiku limodzi zingalipire chindapusa nkutsalako phindu, ndiye kuti chindapusacho chasanduka mtengo wogulira chilolezo cholakwa. Chilango chimene mwini boti amachiopa ndi kuimitsidwa kapena kulandidwa chiphaso.

15. Kachisanu, anthu ogwira ntchito m'mabotimo. Ambiri ndi achinyamata amene amalembedwa pakamwa pokha, amagwira ntchito maola ochuluka, ndipo amakumana ndi mwera popanda zovala zoyandamitsa. Wina akavulala kapena kumira, banja lake limatsala manja lende. Boma lisamaone boti ndi khoka zokha popereka chiphaso, lione anthunso.

KUWALA KWA CHIKHULUPIRIRO CHATHU

16. Buku la Genesis (2:15) limatiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusamala. Chilamulo cha Mose (Deuteronomo 22:6-7) chinkaletsa munthu wopeza chisa cha mbalame kutenga mai pamodzi ndi ana ake, ndipo chinkalumikiza lamuloli ndi moyo wautali wa mtundu wonse. Wokoka khoka m'malo oswanirana chambo akuchita chimene lamulolo linkaletsa. Nkhani ya munda wa Naboti (1 Mafumu 21) imatikumbutsa kuti wamphamvu angathe kulanda cholowa cha wofooka pogwiritsa ntchito makalata ndi zidindo zooneka zovomerezeka, koma Mulungu amaona ndipo amafunsa.

17. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa kuti Mulungu analenga dziko ndi zonse zili m'menemo kuti zithandize anthu onse. Papa Francis, m'kalata yake ya mu 2015 yonena za kusamala chilengedwe, anationetsa kuti chilengedwe chikaonongeka oyamba kuvutika ndi osauka, ndipo pakati pao anatchula asodzi ang'onoang'ono. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lathu akugwirizana ndi chiphunzitsochi: gawo 12 limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo olamulira amangozisungira anthuwo, pamene gawo 13 limapatsa boma udindo wosamala chilengedwe poganizira mibadwo yam'tsogolo. Motero wopereka chiphaso ndi kapitao wa chuma cha eni ake, ndipo wolandira chiphaso wabwerekedwa malo kwa kanthawi, sanagule nyanja.

CHITSANZO CHA KWATHU KONKUNO

18. Tisaganize kuti nzeru zosamalira nyanja ziyenera kuchokera kutali. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a ku Makanjira akhala akutseka usodzi chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Umasungika chifukwa malamulo ake amalengezedwa poyera pa msonkhano wa anthu onse, aliyense amawadziwa, ndipo wolakwa amachotsedwa pa chilumbapo posayang'ana nkhope. Ngati mfumu ndi anthu ake akwanitsa zimenezi kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, boma limene lili ndi akatswiri, apolisi ndi makhoti lingalephere bwanji?

ZIMENE TIKUPEMPHA

19. Kwa boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, tikupempha izi:

(a) Chaka chilichonse pasindikizidwe mndandanda wa maboti onse a ziphaso, wotchula dzina ndi nambala ya boti, mwini wake weniweni, chigawo chake ndi tsiku lothera chiphaso. Mndandandawu upachikidwe ku maofesi a makhonsolo ndi m'madoko, m'zinenero zimene anthu amamva. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, likuthandizira pempho limeneli.

(b) Chiwerengero cha ziphaso m'chigawo chilichonse chitsatire kafukufuku waposachedwa, ndipo zotsatira zake zilengezedwe. Kumene maboti achuluka, pasaperekedwe chiphaso chatsopano.

(c) Chiphaso chisakonzedwenso mwachizolowezi. Mwini boti ayambe waonetsa malipoti a nsomba, umboni woti boti linayesedwa, ndi mapangano olembedwa a antchito ake. Ndipo makomiti a m'madoko ndi mafumu a m'deralo afunsidwe za khalidwe la botilo.

(d) Boti lililonse lalikulu likhale ndi nambala yaikulu yooneka patali ndiponso kachipangizo kosonyeza pamene lili. Kuzimitsa kachipangizoko kukhale mlandu.

(e) Zindapusa ziunikidwenso kuti zigwirizane ndi mtengo wa nsomba wa lero. Wolakwa mobwereza alandidwe chiphaso, ndipo wodula matchera a mnzake alipire.

(f) Gawo lodziwika la ndalama za ziphaso libwerere ku nyanja: ligule mafuta oyenderapo, lithandize kafukufuku ndi makomiti a m'madoko. Nkulakwa kutuma mlonda wopanda nyali nkumamudzudzula kuti akuba alowa.

(g) Aliyense wokhudzidwa ndi kupereka ziphaso kapena kusungitsa malamulo aulule ngati iye kapena banja lake ali ndi boti, ndipo bungwe lothana ndi katangale lifufuze madandaulo onse amene lalandira.

20. Kwa eni maboti akuluakulu, ambiri mwa inu ndinu anthu opembedza. Phindu lopezeka pophwanya lamulo, pouza woyendetsa boti kuti akoke usiku, kapena popereka kangachepe kwa woyang'anira, ndi phindu lobera osauka, ndipo chopereka cha m'tchalitchi sichiliyeretsa. Kumbukiraninso kuti nsomba zikatha, ngongole ya boti siitha nao. Lipirani antchito anu moyenera ndipo tetezani moyo wao.

21. Kwa mafumu ndi makomiti a m'madoko, udindo wanu ndi wolemera. Musalole kuti ndowa ya nsomba yoperekedwa mwakachetechete itseke pakamwa panu. Lembani tsiku, nthawi, malo ndi nambala ya boti lolakwa, ndipo perekani dandaulo lanu molemba, mukusunga kalata ina yofanana nayo.

22. Kwa asodzi ang'onoang'ono, wakutsina khutu ndi mnansi. Nsomba zochuluka kwambiri zimene zimaphedwa m'dziko muno zimaphedwa ndi inu, kotero tsogolo la nyanja lili m'manja mwanunso. Ukonde wa udzudzu unaperekedwa kuti uteteze ana ku malungo. Ukasokedwa pa khoka umapha ana a nsomba nkusiya ana a anthu pa ngozi. Simungadzudzule boti lalikulu ndi mtima woyera pamene inu mukukokolola kasawala m'mabango. Tikudziwa kuti nyengo yotseka nyanja imadzetsa njala m'nyumba zambiri, ndipo nchifukwa chake tikupempha maparishi ndi mabungwe achitukuko kuti athandize mabanja a asodzi ndi magulu osunga ndalama, ulimi wa m'madimba ndi maiwe a nsomba.

23. Kwa akhristu tonse, ngakhale okhala kutali ndi nyanja: wogula kasawala ndiye amatuma msodzi kukapha kasawala. Lamulo limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15. Tikane kugula. Tifunse aphungu ndi makhansala athu za mndandanda wa ziphaso. Makomiti a chilungamo ndi mtendere m'maparishi a m'mbali mwa nyanja agwire ntchitoyi pamodzi ndi abale athu Asilamu ndi a mipingo ina, pakuti timamwa madzi amodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

(i) Kodi nsomba zimene timadya lero zikusiyana bwanji ndi zimene makolo athu ankadya, ndipo nchifukwa chiyani?

(ii) Kodi m'dera lathu malamulo amagwira ntchito mofanana kwa olemera ndi osauka? Tingachitepo chiyani mwamtendere?

(iii) Ndi chinthu chiti chimodzi chimene mphakati wathu ungachite nyengo yotseka nyanja isanafike?

MAU OTSIRIZA

24. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mtundu wa nsomba ukatheratu, palibe boma, khoti kapena ndalama zimene zingaubwezeretse. Komabe nthawi ikadalipo, chifukwa nyanja ikapatsidwa mpumulo imadzichiritsa, monga anthu a ku Mbenji amaonera chaka ndi chaka. Chofunika ndi atsogoleri oona mtima, malamulo osakondera, ndi anthu osaopa kufunsa.

25. Ambuye Yesu anasankha asodzi, Petro ndi Andrea, Yakobe ndi Yohane, kuti akhale ophunzira ake oyamba, ndipo atauka kwa akufa anawakonzera chakudya cha nsomba m'mbali mwa nyanja. Tiwapemphe Ambuye omwewo kuti adalitse onse ogwira ntchito pa nyanja yathu, aunikire amene amasaina ziphaso, ndi kutipatsa tonse mtima wokhutira ndi zotikwanira. Amai Maria, Nyenyezi ya pa Nyanja, atipempherere ife ndi dziko lathu la Malawi.

Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse ndi kukambidwa m'miphakati.